Jekete Yoyandamitsa ya Achemwali Anga

Achemwali anga anagwira ntchito ya unamwino kwa zaka zambiri, choncho atauzidwa kuti khansa yafalikira anamvetsa msanga kuposa tonsefe. Anabwerera kunyumba kwawo ku Linthipe. Ine ndinapempha tchuthi kusukulu imene ndinkaphunzitsa ku Kabwazi kuti ndikawadwazike.

M'mawa wina tikuwothera dzuwa pakhonde, anandiuza za ulendo umene anapita kunyanja kalekale ndi anzawo akuntchito. Kumeneko anaona anthu akukokedwa ndi boti la injini, ena ataima pa timatabwa titalititali, ena atagona pa chubu chachikulu chopopa. Anzawo onse anakwera, iwo n'kutsala akulondera zikwama chifukwa cha mantha. Tsopano ankafuna kukakwera. Ndinawakumbutsa kuti ife ndife ana a kumapiri, kusambira sitidziwa, ndipo thupi lawo linali litatha. Anandifunsa mofatsa ngati ndikuopa kuti angafe.

Ndinaimbira foni mwini boti wina amene mnzawo wakuntchito anatilozera. Nditamufotokozera zonse, anati za timatabwa tiiwale, chifukwa timafuna mphamvu m'miyendo ndi m'manja, ndipo woyamba kumene amagwa kambirimbiri. Anati chubu chotambalala chokhala ndi zogwirira ndiye chabwino, ndipo ali nacho pamodzi ndi chingwe chake. Vuto linali jekete yoyandamitsa. Zake zonse zinali zazikulu, ndiye anatiuza tibwere ndi yathu yothina bwino. Anandiphunzitsanso kayesedwe kake: munthu amange malamba onse, akweze manja, wina aikoke jeketeyo pamapewa. Ikakwera mpaka m'makutu, ndiye kuti m'madzi ivuka.

Pa kaunjika wa ku Linthipe sitinaipeze. Tsiku la msika tinakwera minibasi kupita ku Chimbiya, achemwali atafunda zitenje ziwiri. Kumeneko mayi wina anali nazo zingapo pamulu wa majekete amvula. Anati amagula ndi a kabaza wa njinga zamoto, kuti azitchinga mphepo pachifuwa.

Yoyamba inali ndi chomangira chothyoka. Yachiwiri inali yolimba, yofiira, ya munthu wamkulu. Ndinawaveka, ndinamanga malamba mpaka pamapeto, iwo n'kukweza manja. Nditakoka pamapewa, jekete inakwera yonse mpaka kuwaphimba kumaso. Achemwali amenewa kale anali ojintcha, oti ankanyamula wodwala okha kumuchotsa pabedi.

Mayi wogulitsa uja anayang'ana kaye pansi, kenako anatulutsa ina m'munsi mwa mulu. Inali yachikasu, yokhala ndi chithunzi cha nsomba pamsana. Anapepesa kuti ndi ya ana okulirapo. Achemwali anawerenga kachikwangwani ka mkati kosonyeza kulemera kwa woyenera kuivala, anagwedeza mutu, n'kundipatsira kuti ndiwaveke. Nditakoka, sinasunthe. Ndinatembenuka n'kumayang'ana milu ya mbatatesi kutsidya kwa msewu kuti asandione kumaso.

"Usalire pamsika, iwe," anatero. "Yandikwana. Si zimene timafuna?"

Tinatsika phiri Loweruka lotsatira pa galimoto ya alamu athu, ndipo tinafika kunyanja dzuwa lili paliwombo. Mwini boti anayang'ananso malamba aja, n'kuwaphunzitsa achemwali zizindikiro: chala chachikulu choloza pansi ndiye kuti achepetse liwiro, kudzigwira pamutu ndiye kuti abwerere kumtunda. Ine anandikhazika kumbuyo kwa boti, ntchito yanga ili yoti ndisachotse maso pa iwo.

Chingwe chitakungika, chubu chinayamba kuyenda. Boti linkapita pang'onopang'ono kwambiri, moti anthu amene ankasamba anatiseka. Achemwali anali atagona chafufumimba, atagwiritsa ndi manja onse, madzi akuwathovukira kumaso. Ndinkadikira chala choloza pansi chija. Patapita kanthawi anasiya dzanja limodzi, n'kuloza chala m'mwamba. Chizindikiro chimenecho sanawaphunzitse, koma mwini boti anachimva. Anandiyang'ana, ine n'kuvomera ndi mutu, ndipo anawonjezera liwiro pang'ono.

Titafika kumtunda sanathe kuimirira. Tinachita kuwanyamula, akunjenjemera, milomo itauma. Anagona njira yonse yobwerera, ndipo anakhala masiku angapo osadzuka pabedi. M'manja mwawo munatuluka matuza chifukwa cha zogwirira zija.

Amayi a kutchalitchi akabwera kudzawazonda, achemwali ankatambasula manjawo n'kuwaonetsa. Ena ankandiyang'ana mondidzudzula, ndipo mmodzi anandikokera kukhitchini n'kundiuza kuti ndinachita zosaganiza. Sindinamutsutse. Achemwali anamwalira nyengo yozizira itangoyamba. Pamene tinkawasambitsa, khungu latsopano linali litamera kale pamene panali matuza paja.