Madzi Osamba M'manja a Mkulu Woweta Nkhumba

Mkulu woweta nkhumba wa kumtunda kwa mtsinje amayenda ngati dziko lonse analemba ganyu. Nsapato zake zimawala, ndipo khola lake ndi laukhondo kuposa nyumba za anzake, chifukwa m'mawa uliwonse amalitsuka, ndowe zonse n'kutsetsereka m'ngalande mpaka mumtsinje. Wina akadandaula, iye amangoseka n'kunena kuti, "Madzi oyenda sasunga litsiro."

Koma mtsinjewo umathira m'nyanja ya kumunsi, kumene mwana wake wamkazi anakwatiwa ndi msodzi. Mayiyu amaona ndere ikuphimba madzi, nsomba zikuyandama mimba zili m'mwamba, mwamuna wake akubwera ndi ukonde wopanda kanthu. Pamsonkhano wa za madzi amaweramitsa nkhope, chifukwa bambo akewo amakhala kutsogolo, akuloza chala amayi ochapa. "Sopo wanuyo ndiye wapha nyanja."

Tsiku lina mkuluyu anabwera kudzacheza. Chakudya chitapsa, mwana wake anagwada ndi beseni la madzi a m'nyanja, obiriwira, onunkha.

Mkuluyu anabweza manja msanga. "Iwe mwana, ndisambe m'zimenezi? Ukufuna ndidwale?"

"Adzukulu anu amasamba omwewa, bambo," anayankha mayiyo. "Ndiponso si achilendo. Achokera kukhola kwanu, angokutsogolerani."

Mkuluyu anayang'ana kudenga, n'kudya osasamba m'manja. Atabwerera kwawo, anauza aliyense kuti mwana wake sadziwa kulandira alendo.