Chaka Chimene Anandiyeza pa Sikelo ya Tiyi

Mpando wachikopa uja unalowa m'nyumba mwathu kumayambiriro kwa nyengo yozizira. Unali wofiirira, wonunkha fodya ndi petulo, ndipo munthu akaukhalira unkatulutsa mpweya ngati wadandaula. Abambo anabwera atausenza pamutu kuchokera kugaraja ya esiteti, kumene ankagwira ntchito yokonza ndi kutsuka galimoto ya bwana wamng'ono. Anthu a m'malayini mwathu, m'nyumba za antchito a pa esiteti, anasonkhana kudzaukhalira mosinthana, ena mpaka kupinda mwendo ngati azungu. Amayi okha sanaukhudze. Anangoti mzungu sangataye chinthu chabwino chotere popanda chifukwa, n'kupitiriza kusenda nandolo wawo.

Chifukwa chinalipodi. Azungu a m'maesiteti a ku Thyolo anali atapangana kuti apikisane ndi magalimoto awo, kuyambira pamlatho wa kumunsi kwa fakitale, kukwera msewu wokhotakhota uja mpaka kukalabu yawo. Sanali akatswiri ayi. Anali anthu osowa chochita m'miyezi imene tiyi amakhala atadulidwa ndipo masamba othyola kulibe. Bwana wathu anali mnyamata wosakwatira, wokhala ndi galimoto yaitali mphuno, yaifupi msinkhu, imene ankapitira ku Limbe Loweruka. Iye anaika mtima pa chinthu chimodzi, chakuti galimoto ikapepuka ndiye kuti yapambana. Choncho anayamba kuivula.

Ndinkaziona chifukwa masana ndinkapititsira abambo chinangwa chophika. Poyamba linachoka denga laseyala, kenako tayala lapadera, mabampala, madigadi, nyali, galasi lakutsogolo ndi mpando wakumbuyo, womwe unafikira kwathu uja. Chilichonse chochotsedwa ankachikoleka pa sikelo yoyezera masamba a tiyi imene anaibweretsa kuchokera kushedi, ndipo bwana ankayang'ana muvi wake akunyambita milomo. Zochotsa zitatha, abambo anauzidwa kuti aziboola timabowo pachitsulo chilichonse chimene chingalole. Pansi pa garaja pankangoti mbuu tizidutswa tachitsulo tobaya kumapazi. Galimoto imene tonse tinkaisirira inasanduka chinthu chochititsa manyazi, ngati nkhuku yosomola nthenga.

Pomalizira anachotsa chibekete cholemera chimene chinkakoka petulo kupita kuinjini. M'malo mwake anaikapo kapampu kadzanja, konga kopopera njinga. Kapampuko kanafuna munthu wachiwiri woti azipopa njira yonse, chifukwa akangoleka, injini inkatsokomola n'kuzima. Munthu wachiwiriyo anayenera kukhala abambo.

Tsiku lina bwana anayang'ana mulu wa zitsulo zochotsa uja, kenako n'kuyang'ana abambo. Abambo anali munthu wa thupi, wa mapewa onyamula injini. Anawauza kuti agwire mbedza ya sikelo n'kulendewera, ndipo abambo anatero akuseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Bwana analemba kachizindikiro ndi choko pamene muvi unaima, napukusa mutu. Apo m'pamene anandiona nditaima pakhomo ndi mbale yanga. Ndinali mwana wowonda, wa miyendo ngati bango, ndipo anzanga ankati mphepo ikawomba ndizigwira mtengo. Anandilowetsa m'thumba la masamba a tiyi n'kundikoleka. Ndimakumbukira mdima wa m'thumbamo, fungo la masamba owola, ndi kuzungulira pang'onopang'ono miyendo ili m'malere. Ndinamva choko chikulira pa sikelo, kenako mawu a bwana m'Chinyanja chake chothyokathyoka: "Uyu bwino. Uyu popa." Abambo anali atasiya kuseka.

Ana a masiku ano amandifunsa kuti bwanji osangokana. Amafunsa chifukwa anabadwira pamalo pawo. Ife makolo athu anali atawoloka Ruo kuthawa chikoti cha Apwitikizi, ndipo nyumba, kadimba ngakhale mtengo wa nthochi wa kuseri zinali pa nthaka ya esiteti. Madzulo ake kapitawo anabwera kudzanena bwinobwino, mwaulemu wake, kuti banja lokana mawu a bwana limapeza denga litasasulidwa. Anatinso mwana akasowa mpikisano usanachitike, bwana adzadziwa kuti kumeneko n'kukana. Amayi anamuperekeza mpaka panjira, n'kubwerera kudzakhala pansi osayatsa moto.

Bwana anandikweza m'galimoto muja kamodzi, poyeserera. Sindinayambe ndakwerapo chinthu chothamanga kuposa ngolo. Popanda galasi mphepo inkandimenya kumaso mpaka misozi kuyenderera chakumakutu, ndipo popanda madigadi timiyala tinkandilasa pachifuwa. Tayala lakutsogolo linkazungulira poyera pafupi ndi chigongono changa. Bwana ankakuwa kuti "Popa! Popa!" ndipo ine ndinkapopa maso nditatsinzina. Pa ngodya ina imene kumanzere kwake kuli phompho lotsikira kumtsinje, galimoto inaserereka, ine n'kunyamuka pampando. Chimene chinandibweza ndi chitseko chokha. Titafika pamwamba kabudula wanga anali atanyowa, koma bwana sanaone n'komwe, maso ake anali pa wotchi. Anandisisita kumutu monga mmene ankachitira ndi galu wake.

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuopa zinthu ziwiri, galimoto ndi abambo. Munthu amene sanandikalipirepo anasanduka chilombo pa nthawi ya chakudya. Ankatenga gawo lawo la makaka a chinangwa ndi nandolo n'kulikankhira kwa ine. "Idya." Ndikamaliza ankandisendera nthochi. Ndikati ndakhuta, ankandiyang'ana ndi maso ofiira: "Ndati idya, iwe!" Ndinkameza ndikulira, nyemba za kalongonda zikundikakamira pakhosi, amayi atayang'ana kukhoma. Iwo abambowo ankangomwa madzi otentha othira kamchere. Masabata akupita lamba wawo anayamba kusowa bowo, ndipo tsiku lina anagwa chizungulire akupukusa injini. Anthu a m'malayini ankanong'ona kuti alodzedwa chifukwa cha mpando uja.

Lero ndimadziwa kuti ankalimbana ndi zizindikiro ziwiri za choko zija, kuti chawo chitsike, changa chikwere. Ndimadziwanso kuti inali nkhondo yosapambanika. Munthu wamkulu angadzimane bwanji, sangatsike kufika pa mwana, ndipo ine chakudya chonsecho chinkangondipweteketsa m'mimba, osaoneka pathupi.

Iwonso anazindikira, ndiye anayamba kuvula mbali yawo ya galimoto. Anauza bwana kuti padakali zolemera zambiri kumene amakhala wopopa. Anamasula chitseko chimene chinandipulumutsa chija n'kuchikoleka pa sikelo. Anamasula mpando wa wopopa, chogwirira chake, matabwa apansi, mpaka lata limene linkatchinga paipi ya utsi. Muvi unkatsika, bwana n'kumasangalala. Kenako anandiitana kuti ndikhalepo ayese. Panalibe pokhala. Panali chitsulo chopingasa basi, ndipo pansi pake nthaka inkaoneka. Munthu anayenera kudzipanikiza ndi miyendo pakati pa zitsulo ziwiri, dzanja limodzi litakola kumbuyo kwa mpando wa bwana, linalo likupopa. Miyendo yanga sinafike. Ndinagwera m'kati galimoto isanalire n'komwe.

Bwana anaima nthawi yaitali akuyang'ana mulu watsopanowo, kenako ine, kenako abambo. Abambo anavula malaya ndi nsapato n'kulendewera pa mbedza osauzidwa. Nthiti zawo zinkawerengeka. Sindikudziwa mmene mzungu uja anawerengera m'mutu mwake, ngati kulemera kwa abambo, pochotsera zitsulo zija, kunafananadi ndi kwanga kapena anangochita manyazi. Anangoti, "Chabwino. Iwe popa," n'kutuluka akuyatsa fodya.

Tsiku la mpikisano kunacha ndi chiperoni. Nkhungu inatsika mpaka kuphimba mizere ya tiyi, ndipo msewu wofiira uja unasanduka sopo. Tinkaganiza kuti aimitsa, koma azungu anali atabwera kale ndi madona awo ndi madengu a zakudya. Ife tinaima pamtunda pamwamba pa ngodya ya phompho ija, pamene antchito analoledwa kuonerera. Magalimoto ankanyamuka imodziimodzi. Sitinkawaona, tinkangomva kulira kukukwera kuchokera kumlatho, kenako chinthu n'kutulukira m'nkhungu, kumwaza matope n'kulowanso. Imodzi inaphonya ngodya n'kukatsamira pamtengo wa bulugama, eni ake n'kutuluka akutukwana. Amayi anandigwira pamkono mwamphamvu moti zikhadabo zawo zinasiya mabala. Ankapemphera m'Chilomwe, chimene sankachita kutchalitchi.

Yathu ndinaidziwa ndi kulira kwake. Itatulukira ndinaona msana wa abambo utapendekera kunja, pamwamba pa phompho penipeni, mkono ukukwera ndi kutsika. Matayala akumbuyo anaserereka mpaka m'mphepete, dothi n'kugumukira kumunsi. Ndinatseka maso. Nditatsegula kunali nkhungu yokha, koma injini inkamvekabe ikukwera, yosatsokomola. Malinga ikulira, abambo anali akupopa. Ndinamvetsera mpaka phokoso linathera kukalabu.

Anthu anawabweretsa abambo madzulo pa machira. Pa ngodya ija mwendo wawo unaterera n'kukakhala pa paipi ya utsi imene anaichotsera lata okha, ndipo panalibe pena pouika popanda kugwa. Anausiya pomwepo mpaka pamwamba. Fungo limene linalowa nawo m'nyumba sindidzalitchula, koma mpaka lero sindikhala pafupi ndi pamene akuwamba nyama. Adokotala a pa esiteti anapakapo mankhwala ofiirira, amayi n'kumakupiza ntchentche ndi tsamba la nthochi.

Bwana sanapambane, anaposedwa ndi mzungu wina wa ku Mulanje. Komabe m'mawa mwake anabwera yekha kumalayini, zimene sizinkachitika, atanyamula fodya ndi chitini cha nyama. Anaima pakhomo osalowa. Anayamikira abambo, ndipo ndikhulupirira kuti ankanena zoona, chifukwa sanali munthu wankhanza, anali munthu wosaona. Anayang'ana mwendo uja n'kuona yekha kuti sudzapanikizanso chitsulo. Kenako anandiona kuseri kwa amayi, n'kumwetulira. "Chaka chamawa miyendo yako yaitali," anatero. "Chaka chamawa iwe popa, ife pambana."

Abambo anathokoza, manja ali pachifuwa. Bwana atapita anaitana amayi n'kulankhula nawo motsitsa mawu, ndipo amayi anatuma munthu kudera la kwa Mphuka, kumene kunkakhala amalume.

Patapita masiku amalume anafika, mlongo wawo wa amayi, amene ankalima kunja kwa malire a esiteti. Kwathu mwana ndi wa kwa amayi ake, ndipo malume akati akumutenga, bambo alibe mawu. Mwambo umenewu ngakhale akapitawo ankaudziwa, moti palibe akanati abambo akana bwana. Amalume anaima pabwalo n'kulankhula mokweza kuti malayini onse amve, akuti mlamu wawo wapunduka, sangathe kulera mwana, ndiye akunditenga ndikawathandize kulima. Anawanyoza abambo pamaso pa anthu. Ndinadana nawo amalume tsiku limenelo, osadziwa kuti abambo ndiwo anachita kuwapempha kuti anene mawu onsewo.

Amayi anandimangira kansalu ndi mbatata zowotcha. Ndinalowa m'nyumba kukatsanzika. Abambo anali gone pamphasa atatembenukira kukhoma. Ndinagwada n'kuti, "Ababa, ndikupita." Sanatembenuke. Mapewa awo ankagwedera, ine n'kumati ndi malungo a bala lija.

Tinayenda tsiku lonse, kudutsa m'tiyi mpaka tiyi anatha, n'kuyamba kukwera mapiri. Amalume anali patsogolo, ine m'mbuyo ndikufufuza chimene ndinalakwa. Ndinachipeza tisanafike. Pamene tinapuma pamtsinje amalume anandipatsa mbatata, ine ndinakana. Anandifunsa ngati ndikudwala. Ndinawapempha kuti akabwerera kuesiteti akauze abambo kuti ndasiya kudya kwambiri, kuti chakudya chawo sindidzawamaliziranso, andilole ndibwerere kwathu.