Botolo Limene Ndinkabisa M'nsalu

Pali chinthu chimene ndakhala ndikubisa kwa zaka ziwiri tsopano, ndipo ngakhale amuna anga sakuchidziwa. Mwana wathu woyamba, Yankho, anamwalira ali ndi miyezi isanu. Abale onse kuno ku Tafara amadziwa kuti anamusempha ndi bambo ake. Inu owerenga, zimenezo si zoona. Wolakwa ndine, ndipo tsiku limene amuna anga ankaimbidwa mlandu ndinali pomwepo, osatsegula pakamwa.

Ndinabadwira konkuno ku Salisbury, m'dziko la Rhodesia, koma bambo anga anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito ya ukhuki. Anandiphunzitsa movutikira mpaka ndinatenga satifiketi ya kutaipa ku koleji. Ndinayenda nayo m'maofesi ambiri m'tauni. Ankayang'ana pepalalo, kenako n'kuyang'ana nkhope yanga, basi malo adzaza. Mapeto ake ndinalowa ntchito yolera ana awiri kwa azungu ena ku Greendale. Amuna anga, a Langitoni, amagwira ntchito pa fakitale ya simenti, ndipo timachita lendi chipinda chimodzi cha kuseri m'nyumba ya anthu. Yankho atabadwa, adona anandilola kuti ndizibwera naye kuntchito. Ankagona m'katoni m'chipinda chositira zovala, ndipo ndinkamuyamwitsa ana awo akagona masana.

Nyengo ya mvula ya chaka chimenecho, adona anayamba kukonza ulendo. Bwana anali atatopa ndi kuitanidwa kuthengo ku nkhondo pafupipafupi, ndiye anagwirizana zoti nyengo yozizira ikafika akapume kunja. Akakwera ndege mpaka ku Mangalande, ndipo kumeneko akakwera sitima ya pamadzi yozungulira mayiko a kumpoto, kumene amati miyezi imeneyo dzuwa sililowa. Adona atadziwa kuti ndimatha kutaipa, anandikhazika pa makina a bwana kuti ndizilemba ndondomeko yonse. Tsiku lakuti sitima idzaima pa doko lakuti, anthu adzatsika m'mawa, adzakwera basi kukaona mathithi, adzabwerera isanakwane folo chifukwa sitima sidikira munthu. Tsiku lina akakwera kaboti kulowa pakati pa mapiri. Tsiku lina akayenda wapansi kukafika pa phiri la madzi oundana. Ndinalembanso zonyamula: majuzi a ubweya, masokosi okhuthala, nsapato zosalowa madzi, mankhwala a chizungulire cha panyanja, nsalu zophimba m'maso pogona poti kunja kumakhala kowala.

Ndivomere kuti ntchito imeneyo inandikoma. Kanali koyamba kuti zala zanga zigwire zimene ndinaphunzira. Mayina a madoko ovuta kutchula aja ndinawaloweza pamtima, moti ndikamakwera basi yobwerera kunyumba ndinkawatchula chamumtima ngati pemphero.

Vuto linali lakuti maulendo ena otsika kumtunda sankalola ana aang'ono. Pankafunika munthu wotsala nawo m'sitima. Wantchito wa dziko lino sakanatha kupita, chifukwa chiyambire pamene boma la azungu linalengeza lokha kuti ladziimira, mapasipoti a kuno salandiridwa kunja. Mabwana anga anali ndi a ku Mangalande. Tsiku lina adona anandifunsa kumene bambo anga anabadwira, ndipo nditawauza, maso awo anawala. Anati ine ndikhoza kutenga pasipoti ya ku Malawi n'kupita nawo. Ananenanso motsitsa mawu kuti zinthu zikapitiriza kuipa mwina sadzabwereranso, ndipo munthu wodziwa kutaipa ngati ine sangasowe ntchito kunjako, pambuyo pake ndikhoza kuitanitsa banja langa. Koma khanda ayi. Khanda litsale kwa miyezi iwiri, ndipo liyambe kuzolowera botolo kuyambira tsopano.

Ndinavomera. Inu owerenga, musandione ngati munthu wosakonda mwana. Masiku amenewo tinkakhala ndi mantha. Apolisi ankafika m'nyumba kufufuza anthu opanda mapepala, anyamata a mu mzere wathu ankangosowa, ndipo alendo ochokera kumidzi ankabwera ndi nkhani zosati n'kubwereza. Ndinkayang'ana Yankho n'kumadzifunsa kuti akula m'dziko lotani. Ndinadziuza kuti ndikumutsegulira njira. Koma ndinenenso zoona zake zonse: ndinkafunanso kuona dzuwa losalowa lija ndi maso angawa.

Amuna anga sindinawauze. Ndinkadziwa kuti akana, ndipo akakana apita nazo kwa azakhali awo, a Nachisale a ku Mabvuku, amene ndiwo mutu wa banja lawo kuno. Ndinaganiza zoti ndidzaulule pasipoti itatuluka ndiponso mwana atazolowera kale botolo, kuti pasadzakhale chokanira. Pa fomu ya pasipoti panali malo oti mwamuna asaine. Ndinasaina ndekha ndi dzanja lamanzere.

Adona anandigulira botolo ndi chitini cha mkaka wa ufa, ndipo anandipezera mapiritsi oumitsa mkaka wa m'mawere. Ndinamwa. Kwa masiku angapo mawere anatupa n'kumawawa ngati zithupsa, ndinkawamanga ndi nsalu mkati mwa diresi. Kenako anaphwa.

Kuntchito zinali zosavuta chifukwa kunali ketulo ndi firiji. Vuto linali kunyumba. Chipinda chathu n'chimodzi, pulaimasi ili pafupi ndi bedi, ndipo mpopi uli panja, timagwiritsa ntchito mabanja atatu. Ndikanawiritsa botolo aliyense akanaona. Choncho ndinkasungunuliratu mkaka kuntchito ndisanaweruke, n'kuuika m'chikwama pansi pa matewera. Mkaka womwewo mwana ankamwa madzulo, wotsala n'kumwa m'mawa. Loweruka ndi Lamlungu ndinkatsukuluza botolo mothamanga pa mpopi ngati ndikuchapa matewera, n'kusungunula mkaka ndi madzi omwewo. Ndikafuna kumudyetsa ndinkafunda nsalu paphewa ngati mayi aliyense woyamwitsa, botolo lili mkati. A Langitoni ankabwera kuchokera kuntchito ali mbuu ndi simenti, n'kuima pakhomo kumaseka.

"Bwana wamkulu ali pa tebulo, tisawasokoneze. Mwatisiyirako, achimwene?"

Ine ndinkaseka nawo.

Ku koleji tinaphunzirako zaukhondo. Ndinkadziwa zimene mkaka wogona m'chikwama nyengo yotentha umachita. Ndinkangoti ndi za milungu yochepa.

Patapita milungu itatu, Lachiwiri, mwana anayamba kutsegula m'mimba. Ndinati ndi mano. Lachitatu linali tsiku limene adona anakonza kuti tonse tikabayitse katemera wa ulendo kwa dokotala wawo, kenako tipite kwa telala akandiyeze chikhoti cha ubweya. Ndinapita naye Yankho kumsana. Ndinalowa m'chipinda cha dokotala, ndinapinda mkono wa diresi, anandibaya, ndinathokoza n'kutuluka. Dokotala anali pafupi moti akanangotambasula dzanja akanamukhudza mwana wanga. Sindinamuonetse mwanayo. Ndinkaopa kuti adona akamva zoti mwana akudwala ayamba kufuna munthu wina. Kwa telala anandiuza kuti ndimutsitse kuti andiyeze bwino mapewa, ndipo nditamugoneka pa mulu wa nsalu sanalire n'komwe. Telala anati ndili ndi mwana wofatsa.

Lachinayi m'mawa anakana botolo. Maso anali atalowa, liwombo litaphwa, milomo gwa. Amuna anga anati, "Mayi a Yankho, muikeni kubere, mwina apeza mphamvu." Ndinamuika. Anayamwa kawiri katatu, n'kusiya, n'kundiyang'ana. Munalibe kanthu.

Tinathamangira ku kiliniki. Anamwino anandifunsa ngati mwana akuyamwa. Amuna anga anali ataima kumbuyo kwanga, chipewa chili m'manja. Ndinayankha kuti inde. Anatitumiza ku chipatala chachikulu, koma tinafika mochedwa. Anamwalira tsiku lomwelo dzuwa likupendeka.

Kwa amene munakulira m'tauni, mwambo wa kwathu umati khanda likabadwa, bambo ndi mayi ake amadikira osakhalira pamodzi mpaka anamkungwi atawalangiza zotengera mwanayo kumphasa. Nthawi imeneyo isanakwane, bambo akayenda ndi mkazi wina n'kubwera kudzagwira mwana, amati wamusempha, ndipo mwana amadwala n'kufooka. Ife tinali tisanamutengere kumphasa. Ndiye titaika maliro, a Nachisale anaitanitsa abale a mbali zonse kuseri kwa nyumba yawo ku Mabvuku. Anati mwana woyamwa bwino, wonenepa, sangangofota masiku atatu popanda chifukwa. Wina anakumbukira kuti anaonapo a Langitoni akuseka ndi mayi wina wogulitsa chimanga chowotcha pa geti la fakitale.

"Langitoni, mwanawe, ine ndinakulera," anatero a Nachisale. "Ulula. Unadya kuti?"

"Azakhali, ndinangogula chimanga."

"Chimanga! Ndiye chimangacho chatidyera mwana."

Amuna anga anagwada m'matope, munthu wamkulu, akulira. Analumbira pa Baibulo, analumbira pa manda a mayi awo. Kenako anatembenukira kwa ine. "Mayi a Yankho, inu mumandidziwa. Auzeni." Anthu onse anandiyang'ana. Mayi anga anali atandigwira dzanja. Chikwama chinali pamiyendo panga, ndipo botolo linali likadali momwemo, pansi pa matewera oti sadzavalidwanso. Ndinaweramitsa mutu n'kuyamba kulira, ndipo anthu anatenga kulirako ngati yankho.

Kuyambira tsiku limenelo a Langitoni si munthu yemwe uja. Anasiya kwaya ku tchalitchi chifukwa amayi ankanong'onezana akaimirira. Abale anga sawapatsa moni wa dzanja. Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti iwo sanandikwiyire. Anaganiza kuti chisoni ndi chimene chinanditseka pakamwa. Tsiku lina tikuchokera kumsika anandifunsa ngati n'kotheka munthu kusempha mwana ndi maganizo okha, poti mayi wachimanga uja anamuonadi kuti ndi wooneka bwino. Munthu wosalakwa anafika pofufuza mlandu mumtima mwake kuti zigwirizane ndi zimene anthu ankanena.

Pasipoti inatuluka patapita milungu iwiri. Adona anandipepesa, ndipo anati mwina ulendo ungandithandize kuiwala. Ndinakana, n'kusiya ntchito. Ndinamva kuti anapita opanda wolera ana ndipo sanabwererenso. Chikhoti cha ubweya ananditumizira ndi wam'dimba wawo. Chili pansi pa sutikesi pamodzi ndi pasipoti ndi kope la ndondomeko ija, ndipo mpaka lero ndikhoza kukuuzani ola limene sitima inayenera kunyamuka pa doko lililonse. Botolo ndinakaliponya m'dzenje la zinyalala kutali ndi kwathu.

Amayi anzanga, makamaka inu ogwira ntchito m'mayadi, ndikupempheni. Bwana akakulonjezani ulendo, kaya ntchito yabwino, musayambe kukonzeka mobisa. Chinthu chimene mukuopa kuuza mwamuna wanu, dziwani kuti mudzayamba kuchitira mwana wanu zinthu zobisa kuti chisaululike. Botolo palokha silinaphe mwana wanga, kuntchito ankamwa bwinobwino. Ndinkalephera kuliwiritsa chifukwa ndinkalibisa. Ngati mwana wasiya bere, nenani poyera, wiritsani madzi aliyense akuona. Akayamba kutsegula m'mimba pitani naye tsiku lomwelo, ngakhale ntchito ithe. Ndipo anamwino akakufunsani, yankhani zoona, kaya kumbuyo kwanu kwaima ndani.

Tsopano tili ndi mwana wina, wamkazi, wa miyezi inayi. Ndimamuyamwitsa pakhomo, poyera, osafunda nsalu. Sindigona bwino, akangotsokomola ndimakhala ndanyamuka kale. Bambo ake akaweruka amasamba, n'kukhala pa mpando kumamuyang'ana ali patali. Sanamunyamulepo popanda kundifunsa kaye. A Nachisale atumiza uthenga kuti Lamlungu likubwerali abwera ndi akuluakulu awiri a mpingo kudzawachenjeza a Langitoni pamaso pa anthu, kuti zimene zinachitika kwa Yankho zisachitikenso. Amuna anga amva, angoti, "Abwere, ndi akulu."

Kwa zaka ziwiri ndakhala ndikudziuza kuti ndinakhala chete kuti banja lisathe, kuti ndikaulula andithamangitsa, ndipo tsopano ndimatinso mwana uyu akula wopanda bambo. Mwina ndi zoona. Koma bamboyo ali m'nyumba momwemo ndipo akuopa kugwira mwana wake. Inu owerenga, kodi ndinachita bwino kukhala chete tsiku lija? Nanga Lamlungu, azakhali akadzawauza kuti agwade, ine ndidzakhale pansi kapena ndidzaimirire?