Chala cha Amabatire

Alamu anga, amuna a mng'ono wanga, anthu a m'laini mwathu amawatchula kuti Amabatire. Dzinali linachokera ku ntchito yawo. Amagwira m'yadi ya zitsulo zakale, kuseri kwa depoti ya mabasi, kumene amaswa mabatire akutha a galimoto. Batire amaling'amba ndi nkhwangwa, asidi n'kumutayira m'ngalande, timapuleti ta mkatimo n'kutiponya mumphika wachitsulo pamoto waukali. Mtovu ukasungunuka amauthira m'zikombole, abwana n'kukagulitsa. Chophimba kumphuno kulibe, magolovesi anang'ambika kalekale, ndipo abwanawo akalowa m'yadimo amayenda atatseka mphuno ndi mpango wawo woyera.

Ine ndine telala. Makina anga ali pakhonde, chitseko changa ndi chawo n'zoyandikana, mpopi ndi bafa timagwiritsa limodzi. Choncho zimene ndikunenazi sindinachite kumva kwa anthu.

Alamu ndi munthu wamtali, wowonda, wa mawu ochepa. Mowa samwa, fodya sasuta. Mtima wawo unali pa chinthu chimodzi, mwana wawo wamkazi, amene ankamutcha Dona kuyambira ali wakhanda. Supuni ya mwanayo ikagwa pansi ankakaitsuka okha. Maswiti a m'misewu ankamuletsa. Ine ndinkawaseka kuti, "Alamu, mwanayu mudzamuika m'kabati ngati makapu a alendo." Iwo ankangomwetulira. Koma ovolosi yawo, yolemera ndi fumbi lotuwa, ankaikoleka pamsomali kuseri kwa chitseko, ndipo pansi pa msomaliwo ndi pamene pankayalidwa katiresi ka Dona.

Chaka chimene Dona anayamba sukulu, mwana uja anasintha. Kale ankalongolola mpaka ine kusokoneza msoko, koma tsopano ankangokhala pansi pa tebulo langa atagwira pamimba. Chakudya ankangochitosatosa. Ukamufunsa kanthu, ankakuyang'ana nthawi yaitali ngati wamudzutsa kutulo, kenako n'kulira popanda chifukwa. Aphunzitsi anatumiza mawu kuti zilembo zimene wadziwa lero, mawa waziiwala. Kuchipatala chaching'ono anamuyeza malungo, sanawapeze, anamupatsa mankhwala a njoka za m'mimba. Palibe chinasintha.

Tsiku lina m'mawa alamu anamupeza Dona m'bafa akuyamwa chubu cha mankhwala otsukira mano ngati switi. Sabata yomweyo mng'ono wanga anaona kamzere kakuda, kobiriwirako, m'mphepete mwa nkhama za amuna ake, pamene dzino limalowa m'mnofu. Alamu anadziyang'ana pagalasi, anayang'ana chubu, nkhani yonse inawathera pomwepo.

"Ndi izi," anatero. "Tikumwa poizoni m'mawa uliwonse. Taonani zimene alemba kumbuyoku. Pali dzina limodzi limene mungalitchule lilime osapindika?"

Machubu onse a m'nyumba anawataya m'dzala, ngakhale changa, chimene sanagule iwo. Ndinalalata, koma pansi pa mtima nanenso ndinati mwina n'zoona. Munthu mwana wako akamafota umakhulupirira chilichonse chimene chili ndi chogwirira.

Loweruka masana ndikupita kukagula ulusi, alamu anandiperekeza kuti tidzere kusitolo ya zinthu zachilengedwe, ija ya mashelefu a matabwa ndi fungo la masamba ouma. Alamu anavala shati yawo ya kutchalitchi. Anatenga chubu chilichonse, kuchitalikitsa ndi maso, kuwerenga timalemba tating'onoting'ono milomo ikugwedera. Akapeza dzina lalitali ankabweza pashelefu ngati lawatentha. Mtsikana wogulitsa anatopa kutiyang'ana, n'kubwera.

"Bambo, mukufuna otani?"

"Ndikufuna oti mwana akameza asadwale. Oti zonse zili m'menemo ndikuzidziwa."

Mtsikanayo anatsitsa kabotolo kakukamwa kwakukulu, mkati muli phala loyera. "Awa muli soda, mchere, mafuta a kokonati ndi masamba onunkhira. Basi. Sachita thovu. Ngati nkhama za mwana zikupweteka, musalimbane ndi mswachi, ingopakani ndi chala choyera."

Alamu anabwereza mayina anayi aja ngati pemphero. Sindinawaonepo osangalala chotero. Pobwerera kabotoloko sanalole kuti kalowe m'chikwama changa, anakagwira m'manja njira yonse.

Mtsikana uja sananame, ndipo mankhwalawo analibe vuto lililonse. Izi ndizinene poyera, chifukwa anthu a m'laini mwathu nkhani amaipotoza. Iye ananena kuti chala choyera. Koma chala cha munthu woswa mabatire chimayera liti? Khungu lake ndi ming'alu yokhayokha ya asidi, ndipo zakuda za m'ming'alumo ndi m'zikhadabo sizichoka ngakhale utakwecha ndi mwala. Alamu ankasamba m'manja pampopi ndi kasopo, n'kuona kuti ayera monga amayerera masiku onse.

Kuyambira pamenepo kutsuka mano a Dona inakhala ntchito yawo. Poweruka, chifukwa mwanayo ankafooka n'kugona msanga, ankathamangira kumupeza ali maso, ovolosi ili m'thupi. Ankamukhazika pamwendo, kuviika chala m'kabotolo, n'kumupaka pang'onopang'ono dzino ndi dzino. Amayi ake akafuna kumutsuka, Dona ankaluma mano. "Ndikufuna adadi." Banja lonse linkatapa m'kabotolo komweko. Tsoka silinunkha, anatero akale, ndipo fumbi la mtovu nalonso lilibe fungo.

Kamzere ka pankhama sikanachoke. Alamu anati poizoni wakale akutuluka pang'onopang'ono, tidekhe. Dona anayamba kusanza. Ndiye masana ena ndikupalasa makina, ndinamva tebulo likugwedezeka. Poyang'ana pansi, mwana wauma gwa, maso atembenuka, thovu kukamwa. Sindikumbuka kuti ndinafika bwanji kumsewu. Ndikukumbuka kuti ndinali ndi tepi yoyezera m'khosi mpaka kuchipatala chachikulu.

Alamu anafika ali m'zovala za kuntchito, koma anadzera kunyumba kukatenga kabotolo. Adokotala anali mayi wachitsikana wa maso otopa. Alamu anawaikira kabotoloko patebulo.

"Adokotala, ife zamakemikolo tinasiya. Timagwiritsa izi zokha. Kapena nazonso anaikamo kanthu?"

Adokotala anakatsegula, kukanunkhiza, n'kukakankhira pambali. Maso awo sanali pakabotolo, anali pakamwa pa alamu.

"Bambo, tayasamulani."

Anawatukula mlomo wa m'mwamba, kenako anawagwira manja n'kuwatembenuza, kuyang'ana ovolosi mpaka nsapato.

"Mumagwira ntchito yanji?"

Anawatenga magazi onse atatu, Dona, bambo ake ndi amayi ake. Zotsatira zinachedwa, popeza anachita kuzitumiza kwina, ndipo masiku onsewo Dona anali m'wodi. Zitabwera anatiitanira m'kachipinda. Anati m'magazi a mwanayo muli mtovu wambiri, a bambo ake ndiye osanena. Anafunsa kumene ovolosi imagona, amene amaichapa, beseni limene amachapira. Pomaliza anafunsa kuti, "Nanga mankhwala a m'kabotolo aja, mumamutsuka ndi chiyani?"

Mng'ono wanga ndiye anayankha, mawu ali pansi. "Ndi chala. Cha bambo ake."

Adokotala anayesetsa, ndiwayamikire. Anafotokoza kuti si chala chokha ayi, fumbilo limabwera m'zovala, m'tsitsi, m'nsapato, limagwera pansi pamene mwana amasewera, ndipo matendawo anayamba kabotolo kasanagulidwe. Koma alamu zonsezo sanazimve. Anangoyang'ana chala chawo chamkombaphala ngati chili cha munthu wina.

Dona analandira mankhwala ochotsa mtovu m'thupi, ndipo anatuluka. M'mimba munasiya kupweteka, anayambanso kudya. Za m'mutu adokotala anakana kulonjeza. Anati zina zikhoza kubwerera, zina ayi. Mpaka lero dzina lake amalilemba chilembo china chitayang'ana kumbuyo, ndipo anzake amene anayamba nawo limodzi amusiya.

Chipinda tinachikolopa kuyambira kudenga, katiresi tinakataya, msomali uja ndinauzula ndekha ndi pulayala. Alamu anapita kwa abwana awo kukafotokoza. Abwana anawalozera kugeti, kumene m'mawa uliwonse kumaima amuna ofuna ganyu, n'kunena kuti amene watopa apumule. Ndikanakhala ine ndikanawaponyera batire kumaso. Alamu anasiyadi, anazungulira tauni yonse, kumagalaji, kwa owotcherera, kwa omanga nyumba. Kulikonse ankawauza kuti adzayesenso mwezi wamawa. Mwana wochira amafuna mazira, mkaka ndi zipatso, adokotala anatero. Choncho tsiku lina m'mawa ndinawaona akutuluka mwakachetechete, akulowera njira ya kuseri kwa depoti. Sindinawafunse. Ndinakwiya, ndipo mpaka pano ndikadali wokwiya, koma sindikudziwa kuti mkwiyowu ndiutule pakhomo pa ndani.

Masiku ano ovolosi imatsala kuntchito. Amasamba komweko m'chigubu chodula, kusintha zovala, n'kudzasambanso kuno. Ali ndi mbale yawoyawo, kapu yawoyawo, thaulo lawolawo. Amagona m'kastolo kanga pamene ndimasunga nsalu zotsala. Mano a Dona amatsuka ndi amayi ake, ndi mswachi. Palibe amene anawalamula zonsezi, ndipo adokotala anati akasamba bwino akhoza kumunyamula mwana wawo. Koma zakuda za m'ming'alu zija akaziona, manja amawapisa m'matumba.

Lamulungu lapitali masana tinakhala tonse pakhonde. Dona anatuluka m'nyumba atagwira pakamwa, n'kupita molunjika kwa bambo ake.

"Adadi, dzino likugwedera. Taligwirani muone."

Anayasamula, kadzino ka kutsogolo kali lende, kangotsala pang'ono. Alamu anawerama n'kukayang'ana, manja ali kumbuyo.

"Likugwederadi, Dona. Pita kwa amayi aakulu akuchotse."

"Ayi, amayi aakulu amapweteka. Inuyo."

"Pita, mwana wanga."

Mwana uja anaima pomwepo, kukamwa kuli yasa, malovu akutsikira pachibwano, akudikira. Anadikira nthawi yaitali, chifukwa masiku ano zinthu amazimva mochedwa. Kenako anatseka pakamwa n'kuwayang'ana.

"Adadi, ndinakulakwirani chiyani?"