Mphika umene malume anakaniza pamaliro

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene malume anapatsidwa dzina loti a Mphika. Silinali dzina lachikondi, koma sanalikane mpaka tsiku lawo lomaliza.

Ine ndi amayi tinkakhala kutsidya kwa nyanja, ku Maryhill mumzinda wa Glasgow, m'fulati yoyang'anana ndi ngalande. Malume, mlongo wawo wa amayi, anali injiniya, munthu wosakwatira, wa mawu owerengeka. Ankakhala pafupi nafe, ndipo kuseri kwa mashopu anali ndi garaji ya lendi imene ankaswerako Loweruka lililonse. Zimene ankachita kumeneko palibe ankazidziwa.

M'nyengo yozizira chaka chimenecho, bambo wina wa kumpingo kwathu, a Chisale, anamwalira. Thupi linkadikira ndege yopita kumudzi, koma Amalawife sitidikira ndege kuti tiyambe kulira. Tinadzazana m'fulati ya namfedwa, majekete onyowa ataunjikidwa pabedi, mazenera akuchita thukuta. Vuto linali kukhitchini. Miphika ya ku Glasgow anaipangira anthu odya awiriawiri, ndipo nyemba zinkatha ana tisanalaweko. Amayi anakumbukira chimphika chachitsulo, chakuda, chimene anachiona m'garaji muja tsiku lomwe tinakasungitsako masutikesi.

"Tadala, thamangira kwa amalume ako. Ukanene kuti ndi za maliro."

Kwathu mawu amenewo amatsegula chitseko chilichonse. Ndinapita ndili ndi chikhulupiriro, ndikungoganiza mmene ndikanyamulire chinthu cholemera chotero. Ndinawapeza pakhomo pa garaji akutseka loko. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anapukusa mutu.

"Ukawauze amayi ako kuti mphika umenewo si wophikira chakudya. Mawa ndibweretsa wina."

Ndinabwerera chimanjamanja, ndili ndi manyazi. Uthengawo ndinaupereka m'khitchini modzaza azimayi. Mayi wina anafunsa ngati malume amasambiramo mumphikamo. Wina anati maliro n'kulirana, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mawa lake malume anabweradi ndi mphika watsopano wonyezimira, koma dzina linali litawamata kale. Kutchalitchi anthu ankawapatsa moni wa nsonga za zala. Anzanga ankandifunsa m'Chingerezi chawo cha ku Glasgow ngati malume anga amagona ataufungatira mphika wawo. Zinandipweteka, ndipo nanenso ndinawakwiyira malumewo.

Amayi sanali munthu wosunga nkhani kukhosi. Loweruka lina anandigwira dzanja n'kupita nane kugaraji.

"Achimwene, mwatichotsa ulemu. Tsiku limene mudzagone inuyo, adzakuphikirani ndani?"

Malume anayang'ana uku ndi uku, n'kutilowetsa. Munkanunkha phula ndi chitsulo chopsa. Chimphika chija chinali pansi, ndipo m'kati mwake munali chinthu chotuwa, chouma gwa, chonyezimira pang'ono. Anati umenewo ndi mtovu, ndipo ndiwo amasungunula mumphikamo. Kenako anatsegula kabokosi n'kutulutsa chipolopolo chimodzi. Amayi anabwerera m'mbuyo n'kundikokera kumsana kwawo.

Anatifotokozera modekha, ngati akuwerenga Baibulo. Anali m'gulu la anthu okonda mfuti zamakedzana, ndipo anali ndi chiphaso cha apolisi. Mfuti yawo inali yakale kuposa agogo awo, ndipo inkakhala m'kabati yachitsulo yokhoma kunyumba. Zipolopolo zake anasiya kalekale kugulitsa m'mashopu, choncho ankaumba okha ndi chikombole chimene anachita kuitanitsa kunja, n'kuchidikira miyezi yambiri. Anationetsa mmene chipolopolocho chinalili: chochepa kumunsi, ngati chitsekerero cha botolo, kuti chilowe m'kachitini kake ka mkuwa, mbali yotsalayo n'kukhala kunja itapakidwa phula. Kumunsi kochepako iwo ankakutchula kuti chidendene. Mawu awo anali ndi kachimwemwe kamene sindinawamvepo nako.

"Sindinaphepo ngakhale njiwa, mlongo wanga. Timangoombera pepala. Koma mtovu ndi poizoni. Ungatsuke chaka chathunthu, mumphikamu suchoka. Nyemba zija akanadya ndani? Si ana awa?"

Ndinafuna kugwira chipolopolocho. Anandilola, kenako anandiimirira pambali mpaka nditasamba m'manja kawiri ndi sopo pasinki.

Amayi anakhala pa chitini cha penti. Anafunsa malume chifukwa chake sananene zimenezo tsiku lomwe lija.

"Ndikanati mtovu, akanafunsa kuti wa chiyani. Pofika Lamlungu, Glasgow yense akanadziwa nyumba imene muli mfuti. Mbava nazonso zili ndi makutu. Bola azinditchula womana."

Tinatuluka m'garajimo titasenza chinsinsi cholemera kuposa mphika uja. Amayi, amene ankakonda kuyankha munthu asanamalize kulankhula, anaphunzira kumeza mawu. Azimayi akayamba za a Mphika, iwo ankangotola makapu n'kupita kukatsuka. Ine zinkandivuta kwambiri. Kangapo konse mawu anafika pamlomo, makamaka anzanga akamaseka, koma ndinkakumbukira malume ataima pambali panga pasinki paja, akuonetsetsa kuti sopo walowa m'zikhadabo. Anthu anadzaiwala mkwiyo, monga amachitira, koma dzina lija linatsala.

Malume anamwalira chaka chatha. Mfuti ndi zipolopolo anali atazipereka kale kwa oyenera, matenda atangoyamba. Anthu anabwera ambiri, kuposa mmene amayi ankaopera, ndipo monga mwa nthawi zonse, miphika inachepa. Mayi wina wachikulire, yemwe uja anafunsa zosambira, anandikodola n'kundinong'oneza akumwetulira.

"Mwanawe, lero mwini wake sangakanenso. Katenge mphika uja."

Ndinapita kugaraji, ndikukonza bodza loti ndikanene pobwera. Mphikawo ndinaupeza pakona, utavundikiridwa. Nditautembenuza, kuwala kwa pakhomo kunadutsa pansi pake. Malume anali atauboola ndi dirilo, mabowo akuluakulu ngati a sefa, moti sukanasunga ngakhale kapu ya madzi.

Ndinakhala pa chitini cha penti chomwe chija n'kulira. Ndili mwana ndinkayesa kuti munthu wokukonda ndi amene amakupatsa chimene wapempha. Malume ankawadziwa bwino anthu awo. Ankadziwa kuti tsiku lawo likadzafika tidzabwera kudzafuna mphika, iwo kulibe, popanda wotikaniza, ndiye anatikaniziratu.