Penate Imene Wailesi Sinaione

Mphepo ya mu Ogasiti ikaomba kuchokera ku Chunga, kwathu ku Matero kunkanunkha utsi wa zinyalala wosakanikirana ndi fumbi. Mpaka lero ndikamva fungo limenelo ndimangopezeka ndili pakhonde la nyumba yathu ya khansolo, ndili kamtsikana ka miyendo yotuwa. Chaka chimenecho chinali cha masankho. Anthu anali atavota mkati mwa sabata, zotsatira zisanatuluke, ndiye Loweruka ndi Lamlungu kunangoti zii. Maminibasi anali apo ndi apo, makondakitala osakuwa. Zithunzi za andale zinkakupizika pamitengo ya magetsi, zina zitang'ambika mpaka kutsala chipumi chokha. Ine ndinkayang'ana mapulasitiki akuuluka pamwamba pa madenga, ndikuganiza kuti Lusaka yonse yagona masana.

Atate anali kalipentala, ndipo nkhani za pa wailesi ya kanema sankazikhulupirira ngakhale pang'ono. Miyezi yonse ya kampeni ankakangana ndi kanemayo ngati munthu. Akaona msonkhano wa chipani chimodzi chomwechomwecho ukuonetsedwa tsiku ndi tsiku, ankaloza ndi supuni n'kunena kuti, "Nanga enawo anasamuka m'dziko muno?" Koma zodabwitsa, oulutsa mpira okha ankawamvera ngati abusa paguwa. Chimene anena iwowo, kwa atate chinali chomwecho basi.

Apa ndi pamene panagona vuto la achimwene anga a Yohane. Iwo anali goloboyi wa katimu ka m'komboni mwathu, ndipo masankho asanafike anasewera masewero a chikho ndi timu yaikulu ya kumigodi. Anagonja ndi chigoli chimodzi, koma anabwera kunyumba nkhope ikuwala, akuti anachotsa penate. Atate anali atamvera mpirawo pa wailesi ya kushopu kwawo. Woulutsa ananena kuti womenya penateyo anaponya yekha kunja, ndipo dzina la goloboyi sanalitchule n'komwe. "Mwana wanga, usamadzikometsere nkhani," anatero atate, osadzutsa mutu pambale. Sabata yomweyo anawapezera achimwene ntchito ya ulonda kunyumba za olemera kufupi ndi komboni ya Ng'ombe, yoti ayambe Lolemba pambuyo pa masankho, mpira n'kuusiyiratu. Achimwene sanatsutse. Anangosiya kuimba posamba, ndipo ine zinkandiwawa kwambiri.

Lamlungu lija mapemphero anali aafupi, opempherera mtendere, ndipo tinabwerako dzuwa likadali pamutu. Ligi inali itaimitsidwa chifukwa cha masankho, choncho a kanema, posowa choonetsa, anabwereza masewero aja a chikho. Ndikukumbuka kuwala kolowa pakatani, fumbi likuyandama m'kuwalamo pang'onopang'ono, ndi osewera akuthamanga pagalasi lochita mchengamchenga ngati anthu a m'maloto. Oulutsa ankatchula osewera a kumigodi mayina onse, ndi a kusukulu omwe, koma athu ankangoti anyamata a m'komboni. Atate sankamvetsera kwenikweni. Ankadandaula zoti mavoti akuchedwa, zoti wolamula kanema ndiye amalamula chimene dziko lione.

Amayi, amene ankasankha nyemba palichero, anayankha osayang'ana munthu. "Atate ake Yohane, nanga aba bampira na baja banyuzi amene mumakangana nawo, si nyumba imodzi? Amene abalipira ni umodzi."

Atate anadzuka, napotokola kabatani mpaka mawu onse anazima. Achimwene, poona kuti penate yayandikira, anatuluka kukaima pampopi panja.

Sindinaonepo mpira wachete chonchija. M'nyumba munkangomveka nyemba zikugwera palichero ndi lata likulira padenga. Atate anakokera mpando pafupi mpaka mphuno inatsala pang'ono kukhudza galasi. Womenya uja anathamanga, mpira unanyamuka mwamphamvu kulunjika pakona yapansi, ndipo kamunthu kovala juzi yachikasu kanauluka chammbali, thupi lonse m'malere. Nsonga za zala zinaukhudza, mpirawo unakhota, n'kudutsa kunja kwa mtengo wa golo. Woimbira analoza kukona. Ine ndinafuna kukuwa, koma nditaona nkhope ya atate ndinaleka. Anakhala choncho, manja pamaondo, mpaka masewero anatha, ndipo mawu aja sanawabwezeretse.

Zotsatira zitalengezedwa, misewu inadzuka. Ena ankavina ndi zitenje zachipani, ena anatseka zitseko, maminibasi anayambanso kuliza mahutala. Kaya amene atate anamuvotera anapambana kapena ayi, sanatiuze. Chimene ndikudziwa n'chakuti Lolemba m'mawa anavala jekete lawo la kutchalitchi n'kupita okha ku Ng'ombe, kukapepesa kwa eni ntchito ya ulonda ija kuti mwana wawo sabweranso. Achimwene anawasiya akugona.

A Yohane sanakhale katswiri wotchuka. Anasewera zaka zingapo, bondo linawavuta, ndipo lero amaphunzitsa ana mpira pabwalo lafumbi la kwathu konko. Nthawi imeneyo ine ndinkaganiza kuti atate anasintha maganizo chifukwa kudumpha kuja kunali kokongola, kuti anaona kuti mwana wawo adzapita patali. Tsopano, pamene nanenso ndili ndi ana ondiuza zinthu pa chakudya, ndimaona kuti pankhope paja panali manyazi. Munthu amene ankakana kunamizidwa za dziko lonse anakhulupirira mawu a mlendo wa mu wailesi, n'kumuyesa wabodza mwana wake yemwe pamaso pa tonsefe. Pepani sanamunene, sanali munthu wotero. Koma kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse masana ankatseka shopu, wailesi n'kuisiya pashelefu, n'kuyenda wapansi kukaima kuseri kwa golo.