Futali amene munandiphunzitsa

Amake Tadala, mwera wayambanso kuomba kuno ku Golomoti, ndipo chaka chakwana chitisiyireni. Ndakumbuka m'mawa wozizira uja wa mu Juni, mutafunda chitenje pakhonde, matenda atayamba kukufoolani. Munandiitana: "Aphunzitsi, siyani choko, gwirani mpeni." Munandisendetsa mbatata ana akundiseka. Zitafewa ndinathira nsinjiro n'kutenga mthiko, inu n'kukuwa: "Ayi! Mukufuna phala kodi? Vundikirani, nsinjiro zipse kaye ndi nthunzi." Nditafunsa chimene munkandivutitsira chonchi, munati, "Mwamuna wosadziwa kuphika amalandidwa ana."

Simunaname. Sabata yatha achimwene anu anabwera kudzatenga Tadala ndi Yamikani, poti kwathu kuno ana ndi a kuchikazi. Sindinatsutse mwambo, ndinangowapempha kuti adye kaye. Tadala anasinja mtedza, Yamikani anatola nkhuni, ine ndinaphika. Atamaliza mbale yachiwiri, achimwene anuwo anayang'anitsitsa masaya a anawo n'kunena kuti, "Alamu, chowachotsera pano sindikuchiona." Anakwera njinga yawo kubwerera ku Mtakataka okha. Ana anu ndili nawo, ndipo ndi okhuta. Pumani osadandaula, amayi.